KODI CIPHE CINGASANKHE?

Makolo athu anali ndi bwalo la milandu limene woweruza wace sanali munthu. Pakagwa maliro osadziwika mutu wace, anthu nayamba kulozana zala, ankaitana mapondera kuti asinje makungwa a mwabvi, nawasungunula m'madzi, napatsa onse oganiziridwa kuti amwe. Wosanza ankayesedwa wosalakwa. Wakufa ankayesedwa mfiti. Mwambo wonsewo unatsamira pa cikhulupiriro cimodzi, cakuti ciphe ciri ndi maso, cimalowa m'mimba mwa munthu ndi kufufuza mtima wace, ndipo cimadziwa kulekanitsa woipa ndi wabwino. Boma linaletsa mwabvi ndi lamulo la caka ca 1911, ndipo lero palibe munthu wanzeru amene angaulire. Koma cilakolako cimene cinabala mwabvi sicinafe ai. Mtima wa munthu ukufunabe mankhwala amene angaphe coipa cokha ndi kusiya cabwino osacikhudza.

Masiku ano akatswiri a zamankhwala ku Germany, ku America, ku Japan ndi kwina akuyesa njira yatsopano yolimbana ndi nthenda ya khansa. Njirayo ndiyo kuuzira pa cotupa mpweya wodzala ndi mphamvu ya magetsi, umene amaucha plasma. M'zolemba zao muli mau amodzi amene amabwera kawirikawiri: amati plasma imasankha, ndiye kuti imapha maselo a khansa ndi kuleka maselo abwino. Munthu wa kuno akamva mau amenewa sangalephere kukumbukira mwabvi. Cotero funso lathu nali: kodi cinthu cakupha cingathe kusankha? Ndipo ngati sicingathe, nanga udindo wa kusankha uli pa yani? Funsoli siliri la anthu a m'mabuku okha, pakuti pakati pathu pali mabanja ambiri amene akudwazika khansa, ndipo tsiku ndi tsiku amamva malonjezo a mankhwala odabwitsa.

PLASMA NCIANI?

Poyamba ticenjere ndi dzina. Madzi acikasu a m'magazi amachedwanso plasma, koma si amene tikunena pano. Tonse tidziwa kuti cinthu cimakhala colimba, camadzi, kapena campweya: matalala akasungunuka asanduka madzi, madzi akawira asanduka nthunzi. Koma mukaonjezabe mphamvu pa mpweya, tizidutswa tace tating'onoting'ono tochedwa maatomu timayamba kutaya maelekitironi ace, ndipo mpweyawo umawala nuyamba kupititsa magetsi. Umenewu ndiwo mkhalidwe wacinai wa zinthu. William Crookes wa ku England anaufotokoza m'caka ca 1879, ndipo Irving Langmuir wa ku America anaupatsa dzina lakuti plasma m'caka ca 1928. Dzuwa ndi plasma. Nyenyezi ndi plasma. Mphezi imene imang'amba mtengo m'dzinja nayonso ndi plasma.

Wina adzafunsa kuti, nanga dotolo angaike bwanji mphezi pa thupi la munthu osamuocha? Nzeru yace nayi. Amatenga mpweya wa argon kapena wa helium, naupititsa m'kacipangizo konga colembera, m'mene muli magetsi amphamvu. Maelekitironi okha, amene ali opepuka koposa, ndiwo amalandira mphamvuyo. Mpweya wotsalawo umakhala wofunda cabe, wosapitirira madigiri 40. Kunsonga kwa kacipangizoko kumaturuka kalawi kakang'ono kobiriwira kamene munthu angakakhudze ndi cala. M'caka ca 2013 zipangizo zotere zinaloledwa ku Europe kuti ziziciza zironda zosapola. Cimodzi ca izo, cochedwa kINPen, cinapangidwa mu mzinda wa Greifswald ku Germany.

Kalawi kameneka sikagwira nchito ndi kutentha. Kakakomana ndi mpweya umene timapuma ndi cinyezi ca pa cironda, kamaphwanya okosijeni, naitirojeni ndi madzi, ndipo pamabadwa tinthu tolusa kwambiri: hydrogen peroxide, superoxide, hydroxyl, nitric oxide, ozone ndi tina. Popeza maina amenewa ali olemera pa lilime, tiyeni titiche mbaliwali, pakuti timacita monga mbaliwali za moto: tikagwa pa cinthu timacidya. Kuti timvetse cimene mbaliwalizi zimacita ku selo ya khansa, tiyenera kuyamba tadziwa kuti thupi lathu silinayambe kuziona lero.

MOTO UMENE ULI M'THUPI

Khasu losiyidwa pamvula licita dzimbiri. Nsinjiro zosungidwa nthawi yaitali zimasasa. Nkhuni zimayaka pamoto. Zitatu zonsezi ndi nchito imodzi ya okosijeni, kusiyana kwace ndi liwiro lokha. Thupi lathu nalonso limakhala ndi moyo pakuocha cakudya pang'onopang'ono. M'selo iri yonse muli timbaula tochedwa mitochondria, m'mene shuga ndi mafuta zimapsa ndi okosijeni kuti tipeze nyonga. Ndipo monga palibe mbaula yopanda mbaliwali, momwemonso palibe kupuma kopanda tinthu tolusa tija. Joseph Priestley, amene anapatula mpweya wa okosijeni m'caka ca 1774, poona m'mene kandulo inayakira mwaukali m'menemo, anaganiza kuti munthu wopuma mpweya umenewo wokhawokha angathe moyo wace msanga. M'caka ca 1954 mai wina wophunzira wa ku Argentina, Rebeca Gerschman, anasonyeza kuti okosijeni woculuka ndi kuwala kwa X-ray zimaononga thupi mwa njira imodzi. Ndipo m'caka ca 1985 Helmut Sies wa ku Germany anafotokoza mkhalidwe umene akatswiri amaucha oxidative stress, ndiko kuti mbaliwali zaculuka koposa madzi ozizimira.

Pakuti madzi ozimira alipo ndithu. Selo iri yonse iri ndi anchito ace ozima moto. Wina ndiye superoxide dismutase, amene nchito yace inadziwika m'caka ca 1969. Wina ndiye catalase: amene munaonapo namwino akuthira hydrogen peroxide pa bala, thobvu nkuturuka, munaona catalase akuswa ciphe cija kuti cisanduke madzi ndi mpweya. Palinso glutathione, amene ali ngati mtsuko wa madzi wodikira pakhomo. Ndipo pamwamba pa onsewa pali kapitao wochedwa NRF2, amene amagona nthawi ya mtendere, koma utsi ukaculuka amadzuka nalamula selo kuti ipange ozima moto ambiri.

Tisaganize kuti mbaliwali ndi zoipa zokhazokha. Maselo oyera a m'magazi, amene ali asilikali a thupi, amazipanga dala kuti aphere tizirombo toyambitsa matenda, ndipo ana amene amabadwa opanda mphamvu imeneyi amadwala mobwerezabwereza. Zikakhala zocepa, mbaliwali ndi mithenga youza maselo kuti akule ndi kutseka bala. Cotero cinthu cimodzi comweco cikacepa ndi mthenga, cikaonjezeka ndi cida, cikasefukira ndi imfa.

SELO YA KHANSA IKAKOMANA NDI PLASMA

M'thupi la munthu wamkulu muli maselo pafupifupi 30,000,000,000,000, ndipo onsewa amakhalira pamodzi cifukwa amasunga malamulo atatu: kuswana pokhapo pafunika, kukhala pa malo ace, ndi kufa nthawi ikakwana. Lamulo lacitatuli ndilo lodabwitsa. M'caka ca 1972 madotolo atatu ku Aberdeen, John Kerr, Andrew Wyllie ndi Alastair Currie, anafotokoza m'mene selo yokalamba kapena yoonongeka imadzipasulira yokha mwadongosolo, osabvuta anzace, monga tsamba limathothoka pa mtengo; anacha imfa imeneyi apoptosis. Tsono khansa siiri kacirombo kocokera kunja monga ka malungo. Iri selo ya munthu mwini imene malamulo aja anafafanizika mkati mwace. Mlonda wina wamkulu wa malamulowo, wochedwa p53, amapezeka woonongeka pafupifupi mu theka la khansa zonse za anthu.

Selo yotere imaswana kosalekeza, ndipo cifukwa ca ico imadya kwambiri; Otto Warburg wa ku Berlin anaona kale m'zaka za m'ma 1920 kuti zotupa zimameza shuga koposa minofu yabwino. Khichini yophika usana ndi usiku imadzala utsi. M'caka ca 1991 akatswiri awiri ku New York, Szatrowski ndi Nathan, anasonyeza kuti maselo a zotupa za anthu amapanga hydrogen peroxide woculuka. Mbaliwalizo zimathandiza khansa kukula, koma zimaiikanso pafupi ndi phompho. Taganizani mitsuko iwiri, wina uli ndi madzi theka, wina wadzala mpaka m'milomo. Mukathira cikho cimodzi m'mtsuko uli wonse, woyamba ulandira, waciwiri usefukira. Cikhoco sicinasankhe mtsuko; madzi anali amodzimodzi. Cimene cinasiyana ndi m'mene mitsukoyo inaliri cikho cisanabwere.

Umu ndimo plasma imagwirira. Mbaliwali zace zimayamba kudya mafuta a khungu la selo, hydrogen peroxide amalowa mkati, mapuloteni amapindika, ulusi wa DNA, umene uli buku la malangizo a selo, umaduka, timbaula tija timabooka ndi kutaya zamkati. Pamenepo selo imene inakana kufa imakakamizika kutsata njira ya apoptosis imene inaithawa. Akatswiri a ku Drexel University ku Philadelphia anaona zimenezi pa maselo a khansa ya pakhungu m'caka ca 2007, ndipo m'caka ca 2011 gulu la Michael Keidar ku Washington linasonyeza zotupa za mbewa zirikufota. Palinso cina cokondweretsa. Selo yakufa mwa njira imeneyi nthawi zina imaturutsa zizindikiro pa khungu lace ndi kumwaza zamkati mwace, ndipo zimenezi zimakhala ngati mfuu yoitana asilikali a thupi kuti adzazindikire mdani amene anali kubisala pakati pao.

Koma si maselo onse a khansa amene amafa. Ena amadzutsa kapitao uja NRF2 napanga ozima moto ambirimbiri. M'khansa zambiri za m'mapapo kapitaoyo sagonanso konse. M'caka ca 2020 akatswiri a ku Greifswald anapeza kuti maselo amene amapirira plasma ali ndi tizipata tambiri tochedwa xCT, tolowetsera zipangizo zopangira glutathione. Ofooka akafa, olimbawo ndiwo amatsala naswana. Ndipo mbali inayo, maselo ena abwino sapirira konse: ma lymphocyte, amene ali asilikali a thupi, amafa msanga akakomana ndi mbaliwali za plasma. Apa tamva kale yankho la funso lathu.

CIPHE CIRIBE MASO

Ciphe sicisankha. Plasma siidziwa khansa, monga mwabvi sunadziwe mfiti. Wakumwa mwabvi ankafa kapena kupulumuka malinga ndi ukali wa makungwa, kuculuka kwa madzi, mphamvu ya mtima wace ndi kufulumira kwa kusanza; ndipo koposa zonse, malinga ndi dzanja la mapondera amene anasakaniza. Anthu ankati mtengo waweruza, koma woweruza anali munthu wobisala kuseri kwa mtengo. Ici ndico cinali coipa cacikulu ca mwambowo: unacotsa udindo pa anthu nuuika pa cinthu copanda nzeru, kuti pasakhale woyankha mlandu wa mwazi wosalakwa.

Paracelsus, dotolo wa ku Switzerland, anaphunzitsa m'caka ca 1538 kuti palibe cinthu cimene siciri ciphe, ndi kuti muyeso wokha ndiwo umalekanitsa ciphe ndi mankhwala. Dziko lathu lomwe linapatsa anthu onse citsanzo ca coona ici. Alenje a m'cigwa ca Shire ankapaka ulembe wa kombe pa mibvi yao, ndipo nyama yolasidwa inkagwa mtima utaima. John Kirk, dotolo amene anayenda ndi David Livingstone, anatumiza mbeu zace ku Britain, ndipo m'caka ca 1885 Thomas Fraser wa ku Edinburgh anasonyeza kuti kombe yemweyo, akamuyesa pang'ono kwambiri, amalimbitsa mtima wofooka. Mtengo sunasinthe, cinasintha ndi muyeso ndi colinga ca wougwira.

Ndipo monga ciphe siciri coipa nthawi zonse, momwemonso coteteza siciri cabwino nthawi zonse. Anthu atamva kuti mbaliwali zimaononga maselo, anaganiza kuti kumwa mapiritsi ozizima kudzaletsa khansa. Ku Finland anayesa maganizo amenewa pa amuna osuta fodya 29,133, ndipo zotsatira zinaturuka m'caka ca 1994: mwa iwo amene anapatsidwa mapiritsi a beta-carotene, khansa ya m'mapapo inaculuka ndi 18 pa 100 ali onse kuposa mwa anzao. Kuyesa kwina kotere ku America kunaimitsidwa m'caka ca 1996 pa cifukwa comweco. Masamba ndi zipatso za kudimba ziribe mlandu pamenepa; mlandu uli pa muyeso wopitirira. Madzi ozimira moto nawonso alibe maso: amazima moto wopha selo yabwino, amazimanso moto umene ukadapha selo ya khansa. Cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Aristotle anaphunzitsa kuti ubwino umakhala pakati pa kuperewera ndi kupitirira, ndi kuti pakatipo sipayesedwa ndi cingwe cimodzi kwa anthu onse, koma munthu wanzeru ndiye amapapeza poyang'ana amene ali pamaso pace. Zimene iye ananena za makhalidwe, akatswiri akuzipeza m'maselo. Plasma ya masekondi ocepa imafulumizitsa cironda kupola. Ya nthawi yotalikirapo imapha selo ya khansa. Yopitirira apo imapha zonse.

UDINDO WA WOGWIRA CIPHE

Popeza ciphe sicisankha, kusankha konse kwatsalira munthu, ndipo iye sangabisale kuseri kwa cipangizo cace. Nanga asankhe bwanji?

Coyamba, tifunse ngati nkololedwa konse kuononga gawo la thupi. Thomas Aquinas anayankha kuti ciwalo cimakhalapo cifukwa ca thupi lonse, cotero ciwalo cikamaopseza moyo wa thupi, nkoyenera kucicotsa. Selo ya khansa ndi mnofu wa wodwala mwini, koma yaleka kutumikira thupi. Kuipha sikulakwira moyo, ndiko kuutumikira.

Caciwiri ncobvuta koposa: nanga maselo abwino amene adzafera pamodzi ndi oipawo? Walira mvula walira matope. Aphunzitsi a makhalidwe, potsata maganizo a Aquinas, anaika miyeso inai pa nchito imene imabala zabwino ndi zoipa pamodzi. Nchitoyo payokha isakhale yoipa. Wocitayo afune cabwino cokha, coipaco angocilola. Cabwino cisadzere m'coipa monga njira yace. Ndipo cabwino cikule mokwanira kulipira coipaco. Muyeso wacinaiwu ndiwo umaweruza mankhwala onse a khansa, ngakhale mpeni wa dotolo, ngakhale kuwala koocha zotupa, ngakhale mankhwala a m'mitsempha amene amathothola tsitsi. Ubwino wa plasma, ngati udzatsimikizika, udzakhala wakuti matope ace ngocepa, popeza imagwira pa malo pokhapo yalozedwa. Koma ubwino womwewo ndiwo malire ace, pakuti mbaliwali sizilowa patali m'mnofu, ndipo cotupa ca m'kati mwa ciwindi kapena khansa yomwazikira m'mafupa siingafikidwe ndi kalawi ka pakhungu.

Cacitatu ndico kunena zoona. Zambiri zimene tafotokozazi zinaoneka m'timbale ta m'nyumba zoyesera ndi m'matupi a mbewa. Ndipo kucokera pa mbewa kufika pa munthu ndi ulendo umene mankhwala ambiri anafera panjira. Pa anthu, ku Greifswald dotolo Hans-Robert Metelmann anayesa plasma pa odwala ocepa a khansa ya m'kamwa ndi pakhosi imene inali itakula kale. Zironda zinayera, fungo linacepa, ululu unatsika, ndipo mwa ena ocepa cotupa cinafota kwa kanthawi, koma sanaciritsidwe. Ku Tübingen ayesanso plasma ya argon pa zizindikiro zoyamba za pa khomo la ciberekero, khansa isanayambe. Zimenezi nzopatsa ciyembekezo, ndipo kucotsa fungo ndi ululu kwa munthu amene anzace ayamba kumthawa si kanthu kakang'ono. Koma amene anganene lero kuti plasma imaciza khansa wanena bodza, ndipo bodza lonenedwa kwa wodwala ndi kuba, cifukwa limamlanda nthawi, ndalama ndi mwai wa cithandizo ceniceni.

Cacinai ndico cilolezo ca wodwala. Nzeru za khansa ziri ndi ngongole pamenepa. M'caka ca 1951, ku Baltimore, madotolo anatenga maselo a cotupa ca mai wina wakuda, Henrietta Lacks, osamfunsa. Iye anamwalira caka comweco ali ndi zaka 31, koma maselo ace akuswanabe m'nyumba zoyesera za dziko lonse, ndipo plasma yomwe yayesedwa pa iwo. Malamulo a ku Nuremberg a 1947 ndi a ku Helsinki a 1964 anakhazikitsa kuti munthu asayesedwe mankhwala popanda kudziwa ndi kubvomera. Papa Pius XII, polankhula kwa madotolo pa 14 September 1952, anati ubwino wa maphunziro, ngakhale ubwino wa mtundu wonse, sungapatse dotolo mphamvu yopitirira imene wodwala mwini wampatsa. Womwa mwabvi sankafunsidwa. Womwa mankhwala atsopano ayenera kufunsidwa, ndi kuuzidwa matope pamodzi ndi mvula.

MAU A WOTSUTSA

Wina adzati: "Zonsezi nzabwino kwa munthu wamoyo. Koma mbale wanga madotolo amlephera, ndipo watsala ndi miyezi yowerengeka. Adzatayanso ciani akayesa? Kudekha kwanuko ndiko kudzamupha." Mau amenewa tisawapeputse, pakuti aturuka m'cikondi, ndipo muli coona m'menemo: kucedwa nakonso kuli ndi maliro ace, ndipo akatswiri amene amazengereza popanda cifukwa ali ndi mlandu. Ncifukwa cace nkololedwa ndithu kuti wodwala wotere, atauzidwa zonse, alowe m'kuyesa koyang'aniridwa bwino; pakutero angathandizike iye, ndipo adzathandiza obwera m'mbuyo mwace.

Koma sikuli koona kuti wotsala ndi miyezi yocepa alibe cotaya. Ali ndi miyezi yomweyo, imene mtengo wace wakwera cifukwa ca kucepa kwace. Angaithere pakati pa ana ace, akukonza za banja ndi za mzimu wace. Kapena angaithere m'misewu, akuthamangira lonjezo. Alinso ndi munda, ng'ombe ndi fizi ya ana, zimene wogulitsa ciyembekezo sadzabweza. Papa yemweyo anaphunzitsa pa 24 November 1957 kuti munthu ali wokakamizidwa kulandira cithandizo cokhazikika ndi cotheka, koma sali wokakamizidwa kulandira colemetsa kopitirira mphamvu zace ndi za banja lace. Cotero wokana kugulitsa zonse cifukwa ca mankhwala osatsimikizika sanacimwe, ndipo acibale ace asadziimbe mlandu. Kuyesa kwabwino kumadziwika ndi ici: sikubisa zoopsa, sikulonjeza kuciritsa, ndipo sikulemeretsa woyesayo ndi cuma ca wodwala.

KWATHU KUNO

Zipangizo za plasma ziri kutali, koma phunziro lace liri pakhomo pathu. Dziko la Malawi liri m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la ciberekero imapha amai ambiri koposa pa dziko lonse, ndipo khansa ya pammero ndi ya Kaposi nazonso ziri pakati pathu. Pa khansa ya ciberekero njira yotsimikizika iripo kale. Namwino amapaka viniga pa khomo la ciberekero, malo oyamba kuonongeka nayera, ndipo amawaocha ndi kacitsulo kofunda kapena kuwaumitsa ndi cisanu, nchito ya mphindi zowerengeka. Umenewunso ndi moto woyesedwa, wolozedwa ndi dzanja la munthu amene wayamba waona. Ndipo kuyambira January 2019 atsikana a zaka 9 akhala akulandira katemera wa HPV, kacirombo kamene kamayambitsa khansa imeneyi. Nzomvetsa cisoni kuti munthu amakhoza kusirira kalawi ka ku Germany pamene mkazi wace sanapiteko kukayezetsa pa cipatala ca pafupi. Fodya wako ndiye ali pamphuno.

Cenjeraninso ndi onse amene amayenda ndi mabotolo m'misika ndi m'mafoni, akunena kuti mankhwala ao amasaka khansa m'thupi ndi kuleka zina zonse. Afunseni mafunso atatu: muyeso wace ngotani, anayesedwa pa anthu angati, ndipo amaononga ciani? Amene adzayankha kuti saononga kanthu wakuuzani yekha kuti kapena mankhwalawo alibe mphamvu, kapena mwini wace alibe coona. Iyeyo ndi mapondera wa masiku ano.

Potsiriza, ticotse mwabvi umene watsalira m'mitima mwathu. Pali anthu amene akaona mnzao atatupa amayamba kunong'ona kuti analakwira wina, kapena kuti walodzedwa ndi mbale wace, ndipo mabanja amapasuka pamwamba pa matenda. Koma nthenda nayonso iribe maso. Selo imene malangizo ace aonongeka siidziwa ngati mwini wace ali wolungama kapena wocimwa, monga kalawi ka plasma sikadziwa selo imene kagwerapo. Amene ali ndi maso ndife: dotolo amene amayesa muyeso, mkulu wa Boma amene amagawa ndalama za zipatala, mwamuna amene amaperekeza mkazi wace kukayezetsa, mnansi amene amalowa m'nyumba ya wodwala osagwira mphuno. Aliyense wa ife adzafunsidwa za kusankha kwace, ndipo sadzatha kuloza mtengo, botolo kapena makina kuti ndiwo anaweruza.